Atambala a Kuchi m'khola limodzi? Ine ndinayesapo, ndikuuzeni mmene zinathera

Sabata yathayi mnyamata wina wa ku Luwinga anabwera kwathu kuno ku Chibavi kudzaona nkhuku zanga, nde atazungulira kuseri kwa nyumba nkuona timakola tinayi tondondozana, kakhola kalikonse tambala mmodzi yekha, anaseka nkundifunsa kuti achimwene mukuonongeranji matabwa chonchi, osangomanga khola limodzi lalikulu onsewa azikhalira limodzi bwanji? Akuti iye ali ndi atambala atatu a Kuchi oswedwa tsiku limodzi, pano ali ndi miyezi isanu, sanayambanepo olo kamodzi, amadyera mbale imodzi, kugona pa mtanda umodzi, mpaka anandionetsa vidiyo pa foni akujomphana jomphana gaga wotsalira pa milomo ngati anthu okondana.

Ndinaiona vidiyoyo mpaka kumapeto osayankhula. Chifukwa inenso ndili nayo vidiyo ngati yomweyo mu foni mwanga, ya zaka ziwiri zapitazo, ndipo mwa atambala atatu ali mmenemo mmodzi anafa, wina ali ndi diso limodzi.

Ndiyambire poyamba. Mazira ndinawagula kwa mkulu wina wa ku Karonga amene mbewu yake inachokera ku Tanzania, anali 12, anabwera pa minibasi atawakwirira mu gaga mu chidebe, kudutsa makhotakhota a pa Chiweta aja, ine mtima uli phaphapha kuti afika atasukusika. Ndinaikira thadzi la lokolo, kameta wina wamakani amene safuna munthu pafupi akamakhalira mazira, nde patatha masiku 21 anaswa 7. Anayi atambala, atatu misoti. Katambala kamodzi kanapita ndi kabawi kali ndi masabata atatu, otsala atatuwo ana anga anawapatsa maina, wina Kafiira, wina Khwangwala chifukwa anali wakuda wa khosi loyererako, wachitatu Soja chifukwa cha kayendedwe.

Amene simunaonepo Kuchi, iyi si nkhuku yoti mungaisokoneze ndi ina. Imaima chilili ngati munthu, khosi lalitali, miyendo italiitali yonenepa, lipombo laling'ono lokhala ngati laphwanyika, nthenga zochepa zomamatira ku thupi mpaka pachifuwa khungu lofiira limaonekera, maso ake oyera oopsa ngati a mphamba. Ukainyamula umadabwa kulemera kwake chifukwa ndi mnofu wokhawokha wolimba gwa. Ili m'gulu limodzi ndi Asil ya ku India ndi Pakistan, Shamo ya ku Japan, Malay, kuphatikizapo zija za azungu monga Old English Game ndi za ku America zomwe amazitchula maina ngati Hatch ndi Kelso. Zonsezi ndi nkhuku za ndewu, anthu anazisankha mibadwomibadwo kuti zizimenyana, tambala wothawa ankapita mu mphika, wosathawa nkumupatsa mathadzi, chaka ndi chaka kwa zaka mazanamazana. Nde chomwe chinatsala m'magazimo ndi chimenecho, kusathawa.

Ndinene pano pomwe anthu asanayambe kundilembera ku inbox: ine sindimenyanitsa nkhuku, sindibetcha, ndipo musandifunse komwe zimachitikira. Ndi nkhanza, komanso malamulo oteteza ziweto a dziko lino salola kumenyanitsa nyama. Ku England analetsa kalekale mu 1835, ku America mwa ma state 50 aja yomaliza kuletsa inali Louisiana mu 2008, kuli maiko ngati Philippines komwe mpaka pano ndi masewero ololedwa, amati sabong, koma uko nkwawo. Ine ndimazikonda chifukwa cha kukongola, komanso ukakweretsa tambala wa Kuchi ku mathadzi a lokolo ana ake amatuluka athupi ndithu, ogula amachita kulimbirana. Basi.

Tsono chomwe chinandipusitsa ine ndi kumudzi. Kwathu ndi ku Dowa, ndipo agogo anga anali ndi atambala osachepera asanu pabwalo limodzi, onse nkumagona khola limodzi lam'mwamba lija la makwerero. Ankamenyana inde, koma ndewu yake ya mphindi ziwiri, fumbi kobo, nthenga ziwiri zitatu, kenako wina amatsitsa mchira, tinthenga ta kunkhongo timaima, nkuyamba kulira ngati thadzi uku akuthawira kuseri kwa nkhokwe. Zatha. Kuyambira tsiku limenelo amadziwa malire ake, amadya wamkulu akachoka, amalira chapatali, akafuna thadzi amachita mobera kuseri kwa bafa. Nkhuku zili ndi dongosolo la ukulu, aliyense amadziwa womujompha ndi amene iye angamujomphe, ndipo munthu woyamba kulilemba bwinobwino anali wa ku Norway, Thorleif Schjelderup-Ebbe, cha m'ma 1920, ngakhale agogo anga ankazidziwa osawerenga buku lililonse kkkk. Dongosolo limeneli limayenda chifukwa cha chinthu chimodzi: wogonja amavomera kuti wagonja, ndipo ali ndi kothawira.

Kwa tambala wa ndewu, kachidutswa kameneka ka kuvomera anthu anakachotsa dala. Nde mukaika awiri pamodzi palibe amene anena kuti basi achimwene mwawina. Amamenyana mpaka kutopa, amagonekana makosi akupuma wefuwefu, mphamvu zikabwerera pang'ono amayambiranso, maso atatupa osaona koma mlomo ukufufuzabe mnzake. Mwambi uja woti atambala awiri salira m'khola limodzi, kwa nkhuku za lokolo ndi mwambi chabe, amalira ndithu bola wina alire motsitsa. Kwa Kuchi si mwambi ayi, ndi malangizo a kamangidwe ka khola.

Koma miyezi yoyamba simungakhulupirire zimenezi, ndipo apa ndi pomwe ambiri timagwera. Atambala anga atatu aja anakulira limodzi bwinobwino, ali anapiye ankalimbana pang'ono mongoseweretsana, kudumphirana kenako nkumakafukula limodzi kudzala. Miyezi inayi, isanu, isanu ndi umodzi, bata lokhalokha. Mkulu wa ku Karonga uja anandiimbira foni kawiri konse, akuti bambo alekanitseni atambalawo nthawi yakwana, ine nkumayankha kuti aaa adada anga ndi ofatsa awa, ndi pachibale, akudziwana. Anangoti chabwino, mudzandiimbira. Mau amenewo amandiwawabe.

Chimene sindinkachiona nchoti mtendere umenewo sunali wawo. Pakhomo panali tambala wamkulu wa lokolo, wa zaka zitatu, tinkangomutcha Mdala. Anyamata aja anakula akumuopa kuyambira ali anapiye, nde awiri akangoyamba kuimitsirana nthenga za m'khosi, Mdala amathamanga kuchokera komwe ali nkulowa pakati, kujompha uyu kujompha uyo, onse balala. Anali polisi wa pakhomo. Ngakhale anyamatawo atamupitirira msinkhu, m'mutu mwawo anali akadali wamkulu. Alimi a nkhuku zimenezi amaidziwa njira imeneyi, kusiya tambala wamkulu mmodzi pakati pa achinyamata kuti azisungitsa mwambo, ndipo imagwiradi ntchito kwa kanthawi, koma ndi ngongole, tsiku lobweza limafika.

Pa Pasaka kunabwera apongozi kuchokera ku Kasungu. Mayi a kunyumba anati bambo, alendo ngati awa sitingawapatse usipa, tigwire nkhuku iti? Ine poona kuti ma Kuchi ndi odula, mathadzi akuikira, ndinaloza Mdala. Ndinamuloza ndekha ndi chala changachi. Anakoma ndithu ndi mpunga wa kilombero, apongozi mpaka anayamikira msuzi.

Panadutsa masiku asanu ndi atatu.

Amene mumakhala ku Mzuzu mukuidziwa mvula ya mu April, anzathu ku Lilongwe akuyamba kuyanika chimanga ife kuno ikungokhuthuka ngati yalipidwa. Tsiku limenelo linali Lamulungu, tinapita ku tchalitchi kumwamba kuli bwino, nkhuku tinazitsekera mu mpanda wa waya wopanda denga kuseri kuja. Ulaliki uli mkati inayamba, yamphamvu, kwa ola lathunthu. Pobwera mwana wanga wamkulu anatsogola kukatsekula geti, ndinangomva akukuwa kuti adadi bwerani nkhuku zikuphana. Ndinathamanga ndi jekete la ku tchalitchi lomwelo.

Sindinawazindikire. Atatu onse anali mtundu umodzi, matope ndi magazi, Kafiira sakuoneka kufiira, Khwangwala khosi loyera lija lili bii. Soja anali atagona pakona mutu uli pansi koma wina akamuyandikira amadzukabe nkuponya miyendo. Awiri enawo anali atakolana makosi akuzungulira ngati anthu oledzera, mapiko ali lende, kenako mmodzi amagwira mnzake pa lipombo ndi mlomo nkudumpha kumenya ndi miyendo yonse iwiri. Kunalibe phokoso ngati ndewu za atambala a kumudzi zija, kunali zii, kumangomveka kupuma ndi mapiko. Mathadzi anali ataunjikana mbali ina akungoonerera.

Pambuyo pake ndi pomwe ndinamvetsa za mvulayo. Nkhuku zimazindikirana ndi maso, makamaka mutu, lipombo ndi nthenga za m'khosi. Tambala akanyowa nthenga zimamatirira, mtundu umasintha, akadzola matope ndiye kwatha, m'bale wake amamuona ngati mlendo amene walowa pakhomo. Kumenyana kukangoyamba magazi amasinthanso nkhope kwambiri, nde palibenso zoti uyu tinaswedwa limodzi. Ndipo pa msinkhu umenewo, miyezi isanu ndi iwiri, thupi limakhala litatentha kale, akufuna mathadzi, akungodikira chifukwa. Polisi tinadya pa Pasaka. Mvula inangobwera kudzayatsa machesi. Tsono taganizani, ngati mvula ili chiopsezo chotere, ife a ku Mzuzu amene timanyowa kuyambira December mpaka May, kenako June ndi July kamvula kowaza kaja ndi chifunga cha mmawa, tili ndi mwayi wanji?

Polekanitsa ndinalakwitsanso. Ndinalowa ndi manja, kugwira Kafiira, Khwangwala anadumpha kumenya mnzakeyo ali mmanja mwanga nkundipeza ine pa mkono, chipsera chilipo mpaka lero, ndipo mwayi zikhadabo za kumbuyo kwa miyendo zija zinali zisanakule, zinali tizibuthu. Akanakhala atambala a zaka ziwiri bwenzi ndikukasokedwa ku chipatala. Njira yabwino ndi kuponya thumba kapena chitenje pa mmodzi, akakhala mu mdima amafooka, nkumunyamula ndi thumba lomwelo mapiko ali ogwirana, wina agwire winayo nthawi yomweyo. Osayesa kuthira madzi, ine ndinathira ndowa yonse, anangodzikutumula nkupitiriza, anali onyowa kale ndiponso.

Soja anafa usiku womwewo mu katoni pafupi ndi mbaula. Khwangwala diso lakumanzere linaphulika. Kafiira mutu unatupa ngati mpira masiku anayi osaona, ndinkachita kumutsekula mlomo kumudontheza madzi a shuga pang'ono ndi sirinji, ndi phala la gaga lofewa. Mabala ndinkatsuka ndi madzi ofunda a mchere pang'ono, kenako GV pa lipombo ndi m'khosi, koma osati pafupi ndi maso, m'maso ndi madzi oyera owiritsa okha basi, ndipo alangizi a ziweto anandithandiza ndi mankhwala a m'maso. Chofunika kwambiri ndi kutentha ndi mdima, tambala wovulala wonyowa kuzizira kwa kuno kumamumaliza msanga kuposa mabalawo, komanso kuyang'anira ntchentche zisaikire mphutsi. Mkulu wa ku Karonga uja ndinamuimbiradi. Sanandiseke, anangoti pepani bambo, tonse tinaphunzira choncho.

Mukuganiza kuti ndinaphunzira? Ayi ndithu, mutu wanga ndi wouma. Atachira patatha mwezi ndinati mwina inali ngozi ya mvula chabe, abale amakhululukirana. Mu gulupu ina ya alimi a nkhuku pa WhatsApp munthu wina anandilangiza kuti muwaike pa mtanda umodzi usiku kuli mdima, akadzuka mmawa aziona ngati akhala limodzi nthawi yonse. Njira imeneyi imathandizako ukamaphatikiza mathadzi a lokolo kapena a mazira, sindikutsutsa. Ndinayesa. Folo koloko mmawa ndinadzidzimuka ndi chiphokoso cha malata, kutuluka ndi tochi nditavala kabudula, ndinawapeza ali pansi ayambiranso, wa diso limodzi uja ndi amene anali patsogolo. Mwayi ndinali pafupi. Atambala amenewa akangolawana kamodzi, kapena mukangowalekanitsa kwa masabata angapo, zoti adzakhalanso limodzi iwalani, ngakhale tate ndi mwana wake.

Malangizo ena a mu magulupu ndi oseketsa. Wina akuti dulani zikhadabo za kumbuyo zija. Kudula nsonga kumathandiza kuti asamavulaze mathadzi pokwera, inenso ndimadula ndi kasowo kakang'ono, nsonga yokha chifukwa mkatimo muli mtsempha wa magazi, koma Soja anafa ndi atambala opanda zikhadabo nkomwe, mlomo ndi kumenya kwa miyendo ndi zokwanira. Wina akuti apakeni onse palafini kuti azinunkha mofanana, ngati ndi agalu kapena mbuzi, pomwe nkhuku imayendera maso, mungowotcha khungu la nkhuku yanu. Wina akuti asiyeni amenyane mpaka apezane wamkulu, adzasiya okha. Uyu ndiye woopsa kwambiri chifukwa akunena zoona za nkhuku zake za lokolo, nkumalangiza munthu wa Kuchi. Palinso oti chotsani mathadzi onse, atambala okhaokha sakhala ndi cholimbirana. Kwa Mikolongwe kapena makuroila, nkhuku zamakono za nyama ndi mazira zija, zimatheka, gulu la atambala okhaokha limakhala ndithu malo akakhala aakulu, mathadzi osaoneka. Kwa a ndewu mumangochedwetsa tsiku.

Nde ndinagawa khola pakati ndi waya wa nkhuku uja, uyu mbali iyi uyo mbali iyo, ndinati apa ndathana nazo. Kulakwitsa kwachitatu. Tsiku lonse ankangoyenda mmbali mwa wayayo kuyang'anizana, osadya bwino, kenako kumenyana kudzera mu waya momwemo. Kafiira anathyola nsonga ya mlomo wa mmwamba, Khwangwala chala chinakola mu waya nkusupuka, tsiku lina ndinamupeza ali lende mwendo umodzi uli mmwamba. Waya amavulaza kuposa mnzakeyo. Tambala wa ndewu sayenera kumuona mnzake pafupi, nkhani yonse ndi imeneyo, kumva kulira kokha alibe nako vuto, amayankhana mmawa wonse mpaka aneba kudandaula.

Apa ndi pomwe kukhala ku Mzuzu kunandithandizako, matabwa a paini kuno savuta ngati kwina, ndi dalitso la Chikangawa. Ndinapita kukagula zigwagwa, makungwa a matabwa otsala pocheka aja, ndinadzaza ngolo. Khola lililonse ndinapanga mita imodzi ndi theka mulifupi, mamita awiri mulitali, ndipo khoma la pakati ndi matabwa okhaokha kuyambira pansi kufika mchiuno mwanga ndi kupitirirako, chifukwa Kuchi ndi wamtali, akasomphola khosi amaona patali, waya amayambira pamwamba pake kuti mphepo izidutsa. Zigwagwa vuto lake nzokhota, zimasiya mipata, nde muyenera kukhoma zina pamwamba pa mipatayo, kampata kolowa chala nkokwanira kuti ayambe kujomphana. Pansi ndinakwirira njerwa mzere umodzi chifukwa amafukula posamba fumbi, tsiku lina mudzapeza mitu yakumana kunsi kwa khoma. Mitanda yogonapo musaiike moyang'anizana pamwamba pa matabwa paja, ine ndinaika wina kutsogolo wina kumbuyo, motsika. Denga la malata ponseponse, mvula isawapezenso. Ndipo zitseko maloko awiriawiri, chifukwa mwana wotumidwa kukathira madzi amaiwala, ndipo kuiwala kamodzi nkokwanira.

Kutuluka panja amachita kusinthana ngati mashifiti, lero Kafiira ndi mathadzi ake, mawa wina, ndipo wotulukayo amapita ku mpanda wa kutsogolo komwe sangafike pa zitseko za anzake. Ndinayesakonso njira ija mumaiona pa YouTube, ya kumanga tambala aliyense chingwe ku mwendo pa chikhomo chake, aliyense ndi mgolo wake wobisalamo, motalikirana kuti zingwe zikatambasuka asafikirane. Imagwira ntchito kwa amene ali ndi malo aakulu otchingidwa bwino. Pa puloti ya mtauni ngati yanga ayi, agalu oyendayenda ndi ambiri, tambala womangidwa sangathawe, komanso wakuba mwamuthandiza kale kugwira, angomasula chingwe nkumapita. Ndinasiya patatha sabata.

Nkhani ina imene anthu saiganizira ndi atambala a eni. Aneba anga a kumtunda anali ndi tambala wa Mikolongwe wokongola, wakuda wonyezimira, akuti anachokera ku famu ya boma ya ku Choma. Tsiku lina anaulukira mpanda kutsatira mathadzi anga, tsiku la shifiti ya Kafiira. Mikolongwe ndi nkhuku yaikulu koma yofatsa, ija azungu amati Black Australorp, si ya ndewu, anayesa kugonja mwa chikhalidwe chake, kutsitsa mchira nkuthawa, koma mu mpanda athawira kuti? Kafiira samva chinenero cha kugonja, iye wothawa amamutsatira. Mmene mayi a kunyumba amafika ndi tsache zinali zitatha. Ndinanyamula mtembo kupita nawo ndekha, kugogoda, odi amama, ndabwera ndi mlandu. Anauyang'ana nthawi yaitali nkunena kuti aneba, zimene mukuweta kuseriko ndi nkhuku kapena ndi afisi? Ndinalipira, ndinaonjezera ndi msoti umodzi wopepesera, ngakhale kunena zoona tambala wawo ndi amene analowa kwanga. Mtendere ndi aneba ndi wodula kuposa nkhuku. Pano mpanda wa kutsogolo uli ndi neti pamwamba.

Mathadzi a Kuchi nawonso musawaone kufatsa nkhope. Awiri anga anamenyana mpaka magazi chifukwa cha chisa, ndipo thadzi la anapiye limatha kupha anapiye a linzake. Koma iwowa bola, amagonjerana, malo akakhala okwanira amakhala. Chodabwitsa nchoti kwa anthu atambalawa ndi ofatsa zedi, Khwangwala mwana wanga wa zaka zisanu ndi chimodzi amamunyamula ngati mphaka, amadya chimanga pa dzanja, pomwe Mdala malemu uja ankathamangitsa ana mpaka kulowa mnyumba. Udani wawo ndi wa tambala mnzawo basi. Nchifukwa chake alendo akabwera amati aaa koma nkhuku zofatsa izi mukuzitsekera padera chifukwa chani.

Mmene ndimachitira pano ndi ana oswedwa: amakulira limodzi mpaka miyezi itatu kapena inayi, ndikuwayang'anitsitsa tsiku ndi tsiku. Ndikangoona katambala kayamba kuyesa kulira ndi mau osweka aja, kapena awiri aimitsirana nthenga za m'khosi nthawi yaitali osaseweretsana, kapena ndapeza kabala katsopano pa lipombo mmawa, tsiku lomwelo ndimalekanitsa, sindidikira weekend. Ena amayamba msanga kwambiri, ndinaonapo tianapiye ta masabata asanu ndi limodzi titatupitsana mitu. Ndipo ndimayamba ndawerenga makola, ngati makola opanda kanthu ndi awiri ndiye atambala otsala ndi awiri, ena onse amagulitsidwa akadali aang'ono kapena amalowa mu mphika, nyama yake ndi yolimba imafuna nkhuni koma msuzi wake simungaiwale. Munthu wa mathadzi khumi tambala mmodzi akukwanira, awiri ngati mukufuna wosungira pa ngozi. Kusunga asanu chifukwa onse ndi okongola ndi matenda amene inenso ndili nawo, nchifukwa chake makola ali anayi mmalo mwa awiri, mayi a kunyumba amati ndikamanga lachisanu ndikagone momwemo.

Ubwino umodzi wa makola a payekhapayekha umene sindinauganizire ndi pa katemera wa chitopa, uja wodontheza m'diso. Kale kunali kuthamangitsana ndi nkhuku usiku ndi tochi, kusokoneza yomwe yalandira ndi yomwe sinalandire, pano ndimangoyenda chitseko ndi chitseko miyezi inayi iliyonse, mphindi khumi ndamaliza. Khwangwala amandisekesa, diso lodonthezamo ndi limodzi lomwelo, amachita kulitembenuzira yekha kwa ine kuti aone chomwe ndanyamula. Komanso ana ake ndimawadziwa bwino kuti uyu tate wake ndi uyu, ogula akafunsa sindinama.

Zonsezi ndinamufotokozera mnyamata wa ku Luwinga uja, titakhala pa njerwa kuseri, mpaka ndinamuonetsa chipsera pa mkono ndi kumunyamulira Khwangwala kuti aone dzenje la diso. Anamvetsera mwaulemu ndithu, kugwedeza mutu, kenako anati komabe achimwene anga aja ndi osiyana, mwina anu anali a mtundu wolusa, anga ndawalera ngati ana. Ndinamufunsa ngati pakhomo pali tambala wamkulu, anati analipo koma anagulitsa mwezi watha kuti agule chakudya cha anapiye. Ndinamufunsa ngati mpanda wake uli ndi denga, anati mbali imodzi. Ndinati mphwanga, ukafika kunyumba lero lomwe upeze makatoni atatu, olo madengu, olo mmodzi umutsekere mu bafa. Anaseka, anati adzaona kumapeto kwa mwezi akalandira.

Dzulo kunagwa mvula masana onse. Cha m'ma 7 usiku foni inalira, meseji pa WhatsApp, mafunso awiri opanda moni: zigwagwa zija munagula pati, ndipo GV amapaka pafupi ndi diso? Ndinamuyankha kuti ayi usapake, uwaike mu makatoni osiyana pafupi ndi mbaula, ndikubwera mmawa. Nde ndikamaliza kulemba izi ndikukwera sacramento, kabaza wa kuno ku Mzuzu, kupita ku Luwinga, mu chikwama ndaika sirinji, mchere, hamala ndi misomali yotsala ija.